Pulogalamu ya Vildana yowolokera msewu

A Ragib anali ndi zala zisanu ndi zitatu, ndipo aliyense amene anaphunzira makompyuta kwa iwo kuno ku Sarajevo amadziwa kumene kunapita ziwiri zinazo, chifukwa nkhaniyo ndiyo inali phunziro lawo loyamba chaka chilichonse. Ali mnyamata ankagwira ntchito pa fakitale ina yodula zitsulo. Kumeneko analemba pulogalamu, ndiye kuti malamulo ouza makina chochita, ndipo poti anali wodzimva sanavutike n'kuiyesa. Mpeni wa makinawo unatsika pamene unayenera kukwera, n'kutenga zala ziwiri za dzanja lawo lamanja. Ankati anaziona zikugubuduzika pansi ngati masoseji, mwini wake asanayambe n'kumva kuwawa komwe.

Kuchokera tsiku limenelo anakhala ndi lamulo limodzi lokha, ndipo ankalinena akumenyetsa dzanja lodukalo patebulo: pulogalamu yosayesa ndi zinyalala, ndipo woyamba kuiyesa ndi amene wailemba.

Atatopa ndi fakitale analowa uphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale. Sindiwakometsera ayi, munthuyo anali wa mtima wapachala. Choko chinkauluka m'kalasi mwawo, chofufutira bolodi chinkatera pamphumi pa mwana, ndipo zala zitatu zotsalazo zinkapotokola khutu kuposa zisanu za munthu wina. Tsiku lina mnyamata wina atanama kuti wayesa ntchito yake, a Ragib anamenyetsa kiyibodi pa desiki mpaka mabatani anamwazika pansi ngati mano. Makolo ankadandaula kwa mphunzitsi wamkulu, koma chaka chikatha ndi omwewo amene ankabwera ndi botolo la rakija, kachasu wa kuno, kudzapempha kuti mwana wotsatira alowenso m'kalasi mwawo. Ana ophunzitsidwa ndi a Ragib ankapeza ntchito, ndipo anthu a kwathu kuno amakhululuka zambiri mwana akapeza ntchito. Munthu yekhayo amene sankawaopa anali mkazi wawo, a Zumreta, telala wa madiresi, ndipo ndi iwo okha amene ankawatchula kuti iwe. Ana awoawo analibe.

Kenako inabwera nkhondo. Mizinga inakhazikika m'mapiri otizungulira n'kuyamba kutiponyera mabomba m'mawa, masana, nthawi iliyonse imene eni ake afuna. Sukulu ija inapsa, makompyuta n'kusungunukira pa madesiki. Aphunzitsi ena anathawa, ena anatenga mfuti. A Ragib, amene asilikali anawakana chifukwa cha dzanja lija, anayenda khomo ndi khomo m'nyumba zathu zansanjika kutolera ana. Mayi akakana, iwo ankamukalipira pakhomo pake pomwe kuti nkhondo idzatha, koma mbuli idzakhalabe mbuli. Anapeza chipinda cha pansi pa nthaka chimene kale chinkasungira malasha, anazula chitseko china n'kuchipaka penti wakuda kuti chikhale bolodi, sukulu n'kuyamba.

Magetsi kunalibe, kompyuta kunalibe, mapepala anthu ankayatsira moto. Koma lamulo lija silinafe. Mwana akalemba pulogalamu pa chitseko, ankaima yekha kutsogolo n'kusanduka makina. Anzake ankawerenga malamulo ake limodzilimodzi, iye n'kumachita ndendende zimene walemba, osawonjezera nzeru zake ngakhale pang'ono. Panali mnyamata wina wanthabwala, Tarik, amene analemba pulogalamu yoyendera kuchokera pa chitofu kukafika pakhomo, n'kuiwala kulemba kuti ima. Atafika pa khoma anaima yekha. A Ragib anamukankha pamsana mpaka mphuno inagunda njerwa, magazi chuchuchu pa juzi.

"Makina alibe maso, mbuzi iwe," anatero. "Sunalembe kuti ima, ndiye waimiranji?"

Ana anaseka, Tarik nayenso anaseka akutsina mphuno. Nthawi imeneyo magazi a m'mphuno sankaoneka ngati magazi.

Mwa ana onsewo, amene anali ndi mutu weniweni anali Vildana, mtsikana wowonda, wosayankhulayankhula, amene ankabwera atavala jekete la malemu bambo ake. A Ragib ankamunyadira kwambiri, ndipo chifukwa cha chimenecho ankamukalipira kuposa onse. Sanamuyamikirepo n'kamodzi komwe. Ankakhulupirira kuti kuyamikira mwana ndiko kumuwononga.

Bambo a Vildana anafera pa msewu waukulu umene unali pakati pa nyumba zathu ndi mpopi wa madzi. M'mbali mwa msewuwo anthu anandandalika makontena ndi mabasi akufa kuti tiziyenda mobisala, koma bomba lina linakankha kontena imodzi n'kusiya mpata pakati. Kutsidya kwa mtsinje, m'nyumba ina yansanjika yopanda magalasi, munkakhala munthu wa mfuti amene ankayang'ana mpata umenewo. Palibe anamuonapo nkhope. Tinkangomutchula kuti Mlenje. Anawaombera bambo a Vildana m'khosi ali ndi zigubu ziwiri m'manja, ndipo anagona pamenepo mpaka anthu anachita kuwakoka ndi chingwe. Kuyambira pamenepo amayi ake, a Ljerka, analetsa mwanayo kuyandikira msewuwo. Madzi ankakatunga okha, kudzera njira yozungulira kuseri kwa phiri, ulendo wotenga theka la tsiku. Ankabwerako miyendo itatupa, nsapato osavulika. Vildana ankawadikira pa zenera, ndipo zenera limenelo linkayang'ana pa mpata womwe uja.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, a Ragib anauza ana kuti aliyense alembe pulogalamu ya ntchito imene imachitika pakhomo pawo tsiku ndi tsiku. Tarik analemba yophikira nyemba popanda nyemba, ndipo analandira chofufutira m'khutu. Kenako Vildana anapita pa chitseko n'kulemba ndi zilembo zake zazing'ono:

Ima kuseri kwa kontena. Mvetsera. Mfuti ikalira, werenga. Ngati yalira katatu, thamanga. Ngati sinakwane katatu, bwerera ukamvetserenso.

Aliyense anadziwa msewu umene ankaunena. Vildana anafotokoza motsitsa mawu kuti wakhala akumuonera Mlenje kuchokera pamene bambo ake anafa. Munthuyo akaombera katatu amaleka, chifukwa amasamukira pa zenera lina kuopa kuti asilikali athu angamuone. Pamene akusamukapo, mpata uja umakhala wopanda maso, ndipo munthu wothamanga bwino akhoza kuwoloka. Anati sanaonepo Mlenje akuphwanya chizolowezi chimenechi.

Apa ndiye pamene ndimakwiya nawo a Ragib mpaka lero. Munthu wina aliyense, kaya wogulitsa buledi, kaya wosesa mumsewu, akanaona mwana wamasiye akulemba za malo amene anafera bambo ake. Iwo anaona pulogalamu. Anaona kuti ili ndi poyambira ndi pothera, kuti kubwereza kwake kuli ndi potulukira, kuti mulibe liwu lowonjezera. Mtima wawo unadzaza ndi chimwemwe cha mphunzitsi, ndipo mwa chizolowezi chawo anachibisa ndi ukali. Pakamwa panangotuluka funso limene analifunsa ana mazanamazana.

"Wayiyesa?"

"Ayi, aphunzitsi. Ndangoonera pa zenera."

"Ngakhale mphaka amaonera pa zenera. Kuonera si kuyesa." Anamuponyera kansanza kopukutira choko kumaso. "Zinyalala zimenezi. Ukayiyesa ndiye udzandiuze."

Mwa masiku onse, Vildana akanasanduka makina pomwepo, anzake n'kumawomba m'manja ngati mfuti, nkhani n'kuthera m'chipindamo. Koma nthawi yomweyo bomba linagwa pafupi, fumbi linatsika kudenga, kandulo n'kuzima. Mabomba atadukiza, a Ragib anabalalitsa ana kuti athamangire kwawo. Pulogalamu ija inatsala pa chitseko yosafufuta.

Kunyumba anapeza a Zumreta akuphika mpunga pa kachitofu ka chitini, nkhuni zake zili zidutswa za nsapato zakale. Kwa mkazi wawo yekha ndi kumene a Ragib ankayamikira ana. Anakhala pansi akusisita manja, n'kuyamba kudzitama kuti ali ndi mtsikana amene mutu wake umaposa mainjiniya onse a pa fakitale ija. Anawerenga pulogalamu yonse pamtima, mzere ndi mzere. A Zumreta analeka kutakasa.

"Ndiye iwe wamuuza chiyani mwanayo?"

"Zomwe ndimauza onse. Kuti akayese."

"Akayese kuti, Ragib?"

A Zumreta anawamenya ndi mthiko wotentha pa tsaya, mpunga n'kumatirira pa ndevu, ndipo anawamenyanso kachiwiri. Anawauza kuti chitsiru chopanda sukulu n'chabwino, chifukwa chimapha munthu mmodzi mwangozi, pamene chitsiru chophunzira chimachita kulemba pa bolodi. A Ragib anali atatuluka kale, opanda chipewa, chitseko n'kuchisiya pululu.

Munthu wa zaka zoposa makumi asanu, wodya mpunga wokhawokha, sathamanga bwino pa chipale chofewa cha nyengo yozizira. Anagwa pa masitepe, anadzuka, anagwanso pa ngodya n'kung'amba bondo. Anayamba kaye kwa a Ljerka. Anapeza mayiyo atagona, miyendo ili pa mtsamiro, akuganiza kuti mwana wawo akadali ku sukulu. Zigubu zimene zinkakhala kuseri kwa chitseko panalibe. A Ragib anangotembenuka n'kutsika.

Akuyandikira msewu uja anamva mfuti ikulira kamodzi, chipolopolo chikuboola chitsulo cha basi. Anapitiriza kuthamanga m'mbali mwa makontena, akuitana dzina la mwanayo, koma mpweya unali utawathera ndipo mawu ankatuluka ngati a nkhuku yodwala. Mfuti inaliranso. Atakhota anamuona patsogolo, kumapeto kwa kontena yomaliza. Anali atamangirira zigubu kumsana ndi lamba wa bambo ake, atawerama ngati wa mpikisano wothamanga, dzanja limodzi lili m'mwamba, zala ziwiri zitatambasulidwa. Amayi angapo ndi nkhalamba ina anali atakhala tsonga kuseri kwake, kudikira kuti Mlenje atope.

Mfuti inalira kachitatu. Chala chachitatu chinatambasuka, ndipo Vildana anathamanga.

Anathamanga bwino, zigubu zikugundana kumsana. Anali atadutsa pakati pa mpatawo pamene mfuti inalira kachinayi. Chipolopolo chinamupeza m'chiuno n'kumutembenuza, ndipo anagwa chagada pa zigubu zake. Sanakuwe. Anayesa kudzuka, mwendo unakana, chipale cha pansi pake n'kuyamba kufiira. Mayi wina anabisa nkhope m'mpango. Mlenje anaombera chigubu chimodzi chimene chinaduka pa lamba, chinadumpha, anachiomberanso. Ankasewera, kudikira amene apite kukamutenga. Tonse tinkadziwa kuti wovulala ndiye nyambo yake.

Nkhalamba ija inagwira a Ragib pa lamba n'kuwauza kuti adikire chingwe. A Ragib anaimenya chigongono pakamwa mpaka inakhala pansi, ndipo analowa mu mpatawo. Sanawerenge chilichonse. Anafika pa mwanayo, anakola zala zawo zitatu mu kolala ya jekete lija n'kuyamba kukoka chobwerera. Chipolopolo choyamba chinatema phula pafupi ndi phazi lawo, timiyala n'kuwalasa kumaso. Chachiwiri chinawalowa paphewa n'kutulukira kumsana. Anagwa chogwada, anasintha dzanja, n'kupitiriza kukoka akukwawa, akutukwana Mlenje, amake, ndi mapiri onse. Chachitatu chinawadula khutu lakumanzere. Manja a amayi aja anawagwira miyendo n'kuwakokera onse awiri kuseri kwa kontena.

Amayiwo anang'amba mipango yawo n'kumatsindira pa bala la mtsikanayo, koma magazi ankatuluka pakati pa zala zawo. Nkhope yake inali itayera. Anayang'ana a Ragib, amene magazi a khutu ankatsikira m'khosi, ndipo anayankhula ngati mwana amene waitanidwa kutsogolo kwa kalasi.

"Aphunzitsi, ndayiyesa. Yalira kachinayi."

"Khala chete, mwana wanga."

"Sindinalembe chochita ikalira kachinayi."

"Inali yabwino," anatero a Ragib. "Wamva? Inali pulogalamu yabwino kuposa zonse. Wolakwa ndine."

Kaya anamva kaya sanamve, palibe akudziwa. Galimoto ina yopanda magalasi inawatenga onse awiri kupita nawo kuchipatala, ndipo Vildana anamwalira ali m'njira, mutu wake uli pa miyendo ya aphunzitsi ake. Kameneko kanali koyamba kuti a Ragib ayamikire mwana pamaso pake.

Anthu anayankhula zambiri pambuyo pake. Ena ankati tsiku limenelo pa zenera panali Mlenje wina. Ena ankati ndi yemweyo, koma anazindikira kuti anthu aphunzira chizolowezi chake. A Ragib sankalowa nawo m'mikangano imeneyi. Ankadziwa kuti anaphunzitsa mwana kuona dziko ngati makina, pamene kuseri kwa mfuti ija kunali munthu, ndipo munthu amasintha maganizo pamene wafunira.

Bala la paphewa lisanapole anabwerera ku chipinda cha malasha chija. Ana anabwera ochepa, maso ali pansi, chifukwa zilembo zazing'ono zija zinali zikadali pa chitseko. Palibe amene analimba mtima kuzifufuta. Phunziro lisanayambe, a Ljerka anatsika masitepe pang'onopang'ono ndi miyendo yawo yotupa, atanyamula chigubu chobooka ndi zipolopolo. Tarik ndi amene anawauza zimene zinanenedwa m'kalasi, ndipo sindimuimba mlandu. Mayiyo anaima pa chitseko n'kuwerenga mizere yonse. Kenako anatembenuka n'kuyamba kumenya a Ragib ndi chigubucho, kumutu, kumaso, pa phewa lovulala. Chigubu chitang'ambika anapitiriza ndi zibakera. Bala linatseguka, magazi n'kudutsa bandeji. A Ragib, munthu amene anamenya ana a eni ake kwa zaka zonsezo, anaima manja ali m'mbali, osaphethira n'komwe, mpaka mayiyo anatopa n'kukhala pansi pa fumbi la malasha.

"Munalibe wanu woti mumutume?" anafunsa a Ljerka.

Mayiyo atapita, a Ragib anatenga nkhwangwa ndi dzanja limodzi n'kuwaza chitseko chija, zidutswa zake n'kuziponya m'chitofu. Tsiku limenelo ana anaotha moto wabwino kuposa masiku onse a nyengo yozizirayo, koma palibe amene anatambasulira manja ake pamotopo. M'mawa mwake a Ragib anabwera ndi chitseko china.

Ambiri ankayembekeza kuti asiya uphunzitsi, koma sanasiye. Anaphunzitsa mpaka nkhondo inatha, anaphunzitsa sukulu itamangidwanso, makompyuta atsopano atabwera, mpaka tsitsi lonse linayera. Ukali sunawathere, ankakalipabe mpaka mawindo kunjenjemera, koma dzanja lawo silinakhudzenso mwana. A Ljerka anakhalabe m'nyumba yomwe ija, ndipo akakumana nawo pa msika ankawadutsa ngati mtengo. A Ragib ankavula chipewa n'kuima pambali kufikira mayiyo atapita.

Ana a pambuyo pa nkhondo sankaidziwa nkhaniyi. Nkhani ya zala ankaimva tsiku loyamba monga kale, koma ya khutu a Ragib sanaifotokozepo, ndipo amene ankafunsa ankatulutsidwa panja. Chimene anawo ankadandaula nacho chinali china. Ankati mdalayo ndi wodzikonda, sakhulupirira munthu, amalanda mwana chimwemwe cha ntchito yake. Pakuti mwana akamaliza kulemba pulogalamu yake yoyamba, kaya ndi yophatikiza manambala awiri chabe, chala chili pa batani kuti aiyendetse, ankamva mdalayo akupumira kumbuyo kwake.

"Dzuka," ankatero a Ragib. "Ndiyamba ndine."

Ndipo ankakhala pa mpando wa mwanayo, n'kudina bataniyo ndi dzanja la zala zitatu lija.